Kabokosi Kosadzutsa Mwana

Kuno ku Mabvuku magetsi amabwera ngati mbala,
teni koloko usiku, osagogoda,
n'kuchoka tambala asanalire.
Ndiye mapulani a nyumba za eni
ndimajambula anzanga ali m'tulo:
Esinala kukhoma, Tinyade pakati,
ine pa mpando, pafupi ndi mutu wa khanda.

Kompyuta yobwereka ija inkabangula
ngati minibasi yodzaza pa chitunda.
Tinyade ankalandira nyimbo,
Esinala osayankhula, kungotembenuka.
Kutembenuka kumeneko ndimakudziwa.

Loweruka ndatsika pa renki ya Fourth,
madola mu sokosi, kapepala m'thumba,
ndadutsa tauni yonse wapansi mpaka ku Gulf
kumene aliyense ndi m'bale wako
kufikira utalipira.

Gwinyai wanditulutsira bokosi lofika m'bondo,
la galasi, nyali zofiira zikuthamangitsana mkati,
mafani asanu ndi limodzi.
Ati, ichi n'chilombo, achimwene.
Ndati, chilombo ndigona nacho pati?
Ndikufuna kokwana pa shelefu,
pakati pa chitini cha shuga ndi wailesi yakufa.

Pulosesa ndasankha yosadya zambiri,
yotha kujambula yokha pa sikirini,
kuti khadi la magemu litsale m'sitolo
ndi mtengo wake wa lendi ya miyezi itatu.
Wodya pang'ono satuluka thukuta,
wosatuluka thukuta safuna womukupiza.

Bolodi ndaliyeza ndi dzanja:
chikhatho chimodzi chotambasula.
Ramu, timitengo tiwiri, tikhale amapasa.
Gwinyai anazembetsamo ka kubanja lina,
ndawerenga manambala, ndakabweza,
waseka, ati mumatha.
Disiki yozungulira ndaikana,
imakukuta mano usiku.
Ndatenga kaja kopyapyala ngati chingamu,
kosunga zonse osatsegula pakamwa.

Pa fani ndiye tatha ola lathunthu.
Tifani tating'ono timalira ngati udzudzu,
timathamanga poti n'tochepa.
Lalikulu limayenda mwaulemu
ngati mkulu wa mpingo potolera chopereka.
Ndapempha kuti aliyatse.
Koma fani ungalimve bwanji kuno,
majenereta akutsokomola pakhomo lililonse,
oitanira akung'amba kukhosi, Mbare! Mbare!
Ndagunditsa chala pa chimango chake,
ndasendeza tsaya,
ndamvetsera ndi khungu.
Kamphepo chabe,
konga mpweya wa mwana pakhosi pako.

Kenako mayesero.
Pawa sapulayi yotchipa yandikodola,
yopepuka ngati chikho chopanda kanthu,
dzina lake losatchulika.
Ndakumbukira fungo la waya wopsa kwa aneba
usiku uja magetsi anabwera ndi ukali.
Ndagula yolemera.
Nsapato zanga zidikire Disembala.
Teni dola yong'ambika pakona aikana,
ndasinthitsa kwa mayi wa nthochi
atandigulitsa nthochi zomwe sindimazifuna.

Mu minibasi ndafungatira katoni pamiyendo,
dzenje lililonse la msewu likundipweteka ine.

Madzulo ndayala chitenje pa tebulo.
Kandulo kumanzere, foni mkamwa kuti iunike.
Kadontho ka phala lotuwa pa pulosesa,
kochepa ngati njere ya mpunga.
Tiwaya ta batani n'tating'ono,
zala zanga n'za mwana wa mmisiri wa njerwa.
Kasikuluwu kamodzi kagwa, kagubudukira kunsi kwa bedi.
Ndagwada, ndakafufuza pakati pa nsapato,
mutu wanga pansi pa tulo ta anthu awiri.

Teni koloko yadutsa. Leveni.
Firiji ya aneba yadzuka, galu wauwa.
Ndadina.

Zii.

Mtima wanga wagwa:
madola onse aja, kabokosi kakufa.
Ndiyambire pati, waya uti?

Kenako khoma layera.
Sikirini yatsegula diso,
kuwala kwagwera pa tsaya la Tinyade,
iye akuyamwabe chala.

Esinala watukula mutu, maso ali otseka,
ati, magetsi abwera, bambo ake,
simukuyatsa makina anuwo?